Opaleshoni ya kakolo: jakisoni wa pamsana kapena wa kuseri kwa bondo?

Abale athu kuno ku Salima amene mukuyembekezera opaleshoni ya kakolo, makamaka ovulala pa ngozi za kabaza, dziwani kuti si nthawi zonse pamene wodwala amagonekedwa tulo. Jakisoni wa pamsana amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola 2 kapena 3, ndipo ena BP imawatsika, mutu umawapweteka kapena amavutika kukodza. Jakisoni wobaya kuseri kwa bondo, pafupi ndi mtsempha umene umatichititsa kumva ululu, amachedwa kugwira, komabe amatha kuletsa ululu kwa maola 12 kapena kuposerapo, wodwala n'kugona bwino usiku woyamba. Ine ndimaona kuti njira yachiwiriyi ndi yabwinopo, ngakhale kawirikawiri imafuna makina ounikira m'thupi a ultrasound komanso dzanja lozolowera. Musanalowe m'thiyeta, auzeni adokotala ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana.