Asiyeni ana athamange

Dzulo mwana wanga wa Sitandade 8 anafika pakhomo atafookeratu, akudandaula mutu. Nditamufunsa, akuti buleki anawachotsera, akumangokhala m'kalasi kuyambira m'mamawa mpaka 3 koloko pokonzekera mayeso a PSLCE. Zandiwawa kwambiri.

Aphunzitsi ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi ndi odzaza. Ndiye chifukwa chake mwana amene wakhala mopanikizana ndi anzake ayenera kutuluka, akawongole miyendo, akapume kamphepo kotsika m'phiri la Zomba kaja.

Ife tikukula ku Chinamwali, belu likangolira tinkathamangira pabwalo. Mpira wachikulunga womanga ndi majumbo, miyala iwiri ndiye golo. Atsikana ali pa fulaye, wina akuthira mchenga m'botolo uku akuzinda mpira, ena ali pa phada pansi pa mtengo wa mango. Tinkabwerera thukuta lili kamukamu, koma masamu ankalowa m'mutu.

Masewera olimbitsa thupi ali m'silabasi, mu Expressive Arts, si kutaya nthawi ayi. Makolo anzanga, nkhaniyi ndikaidzutsa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) Lachisanu. Chonde mubwere.