Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Pamene Mutu Wanga Unasiya Kusunga Zinthu

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditaonda zovala zikungolendewera, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, mtima ukugunda mothamanga ndili chikhalire. Lero ndikamba za chimene chinkandiopsa kuposa zonsezo: kuiwala.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo ntchito yathu imadalira mutu. Kale teremu ikangoyamba sindinkachedwa kudziwa mwana aliyense ndi dzina lake. Chaka chimenecho ndinkayang'ana mwana amene ndakhala naye miyezi, dzina osabwera. Ndikalemba chiganizo pabolodi n'kutembenuka kuti ndifotokoze, basi ndaiwala kumene ndimalowera. Ndime imodzi ndinkaiwerenga mobwerezabwereza, maso akuyenda koma m'mutu osatsala kanthu, ngati ndikutunga madzi ndi dengu. Chodabwitsa n'chakuti zakale zonse zinalipo bwinobwino. Chinkasowa ndi chimene munthu wandiuza m'mawa womwewo.

Agogo anga aakazi anatisiya asakutizindikira ife adzukulu awo. Ndiye usiku, tulo titakana, ndinkangoti matenda awo aja andipeza ndisanakalambe n'komwe. Mantha amenewo sindiwafunira munthu.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anandilimbitsa mtima. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, funso limeneli mwandifunsa kale ndipo ndakuyankhani. Tiyeni kuchipatala, ndipo mukawauze zonse, za kuiwalazi musakasiye."

Adokotala anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anandiuza kuti nditambasule manja, n'kuikapo pepala, pepalalo n'kumanjenjemera. Anawerenga kugunda kwa mtima, kenako anandigwira pakhosi ndikumeza madzi. "Mayi," anatero, "tiyeze magazi, tione chithokomiro chanu."

Ambiri timadziwa chithokomiro chikatupa pakhosi, koma munthu aliyense ali nacho. Ndi kachiwalo kakang'ono kutsogolo kwa khosi, kamene kamatenga ayodini m'magazi n'kupanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3. Mahomoni amenewa ndi amene amalamula liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha, kagayidwe ka chakudya, ngakhale kagwiridwe ntchito ka ubongo. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kena kamene kamatumiza homoni ina yotchedwa TSH yolamula chithokomiro. T4 ndi T3 zikachuluka, TSH imatsika. Zotsatira zanga zinatuluka choncho: TSH ili pansi penipeni, T4 ili pamwamba. Anati ndi matenda a Graves, otchedwa ndi dzina la Robert Graves, dokotala wa ku Ireland amene anawafotokoza mu 1835. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumakankha chithokomiro kuti chizigwira ntchito osapuma. Matendawa amagwira akazi kwambiri kuposa amuna.

Ndinafunsa chimene chinandibweretsa. "Adokotala, nanga mutu wangawu?"

Yankho lawo ndimalikumbukira mpaka lero. Anati munthu sangakumbukire chinthu chimene sanachigwire poyamba. Mahomoni akachuluka maganizo amangodumphadumpha, nkhawa imakula, ndipo zimene ukumva sizipeza mpata wokhazikika. Kuwonjezera apo tulo timasowa, pamene ubongo umasunga bwino zimene waphunzira masana munthu akagona. Anandiuzanso kuti okalamba ena matendawa sawapatsa phuma ayi, amangofooka, kukhala duu ndi kusokonezeka, moti achibale amaganiza kuti ndi ukalamba chabe. Apa ndiimepo pang'ono: ngati muli ndi kholo limene layamba kuiwala, likuonda, mtima ukuthamanga, pemphani kuti aliyeze chithokomiro. Ndi magazi ochepa chabe.

Njira zochizira anandiuza kuti zilipo zitatu. Ine ndinayamba ndi mapiritsi a carbimazole, amene amachepetsa kupangidwa kwa mahomoni. Sagwira tsiku lomwelo, chifukwa chithokomiro chimakhala chitasunga kale mahomoni ambiri ndipo pamatenga milungu kuti athe. Podikira anandipatsa propranolol wochepetsa kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera. Carbimazole amamwedwa kawirikawiri miyezi 12 mpaka 18, ndipo kwa pafupifupi theka la odwala, matendawa amabwereranso akasiya kumwa. Chenjezo limodzi anachita kulibwereza: ndikangomva zilonda zapakhosi, zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, ndisiye kumwa ndipo ndithamangire kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, chifukwa mwa apo ndi apo mankhwalawa amagwetsa maselo oyera oteteza thupi. Mayi woyembekezera, m'miyezi 3 yoyambirira amam'patsa mapiritsi a propylthiouracil m'malo mwa carbimazole.

Njira yachiwiri ndi kumwa ayodini wa radiyeshoni, amene chithokomiro chimamukoka chokha, iye n'kuwononga maselo ake pang'onopang'ono. Woyembekezera ndi woyamwitsa salandira ameneyu. Yachitatu ndi opaleshoni yochotsa chithokomiro. Onse ochotsedwa chithokomiro chonse, ndi ambiri olandira ayodiniyo, amamwa levothyroxine moyo wawo wonse kuti alowe m'malo mwa mahomoni osowawo.

Kuchira kunabwera mwa zigawo. Manja ndi amene anayamba kukhazikika, kenako tulo tinabwerera, thupi n'kuyamba kudzaza. Mutu ndi umene unatsalira. Magazi atasonyeza kuti zonse zili m'malo, ndinkayembekeza kuti ndidzuka ndili munthu wakale uja, koma ayi ndithu, mayina ankandithawabe. Apa m'pamene ndimaona kuti odwala timasiyidwa tokha. Manambala akakhala bwino aliyense amasangalala, koma wofunsa kuti kuntchito zikuyenda bwanji amasowa. Ndinayamba kuyenda ndi kabuku, chilichonse chofunika n'kulemba nthawi yomweyo, ndiponso kuchita chinthu chimodzi mpaka chithe ndisanagwire china. Ndinawafotokozeranso aphunzitsi aakulu za matenda anga, ndipo anandichepetsera ntchito zina kwa kanthawi.

Pakati pa ulendowu kunabwera kuiwala kwa mtundu wina. Ndinayamba kumva kuzizira, tulo tosatha, maganizo olemera oyenda pang'onopang'ono. Magazi anasonyeza kuti chithokomiro chatsika kupitirira muyeso, ndipo atachepetsa mlingo wa mankhwala ndinapepukidwa. Kuchuluka ndi kuchepa kwa mahomoniwa, zonse zimasokoneza mutu, n'chifukwa chake tsiku loyezetsa magazi sindinkaliphonya.

Patapita miyezi ndinazindikira kuti ndawerenga buku lonse mpaka kumapeto ndipo ndikutha kulifotokozera mnzanga. Kalasi yatsopano itabwera, mayina anayamba kukhala m'mutu ngati kale. Pali ena amene amati chisokonezo chochepa chimawatsalira ngakhale atachira, ndipo ineyo ndikatopa kwambiri ndimachimvabe.

Mankhwala ndinamaliza, ndinakhala bwino kwa nthawi ndithu, kenako manja anayambanso kunjenjemera. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani mmene ine ndi amuna anga tinakhalira pansi kusankha pakati pa ayodini ndi opaleshoni.