Anthu 200,000 aku Georgia omwe ma Republican sakufuna kuwakumbukira

Pa 8 Novembala 2022 anthu aku Georgia, steti ya ku America, amasankha seneta ndi gavanala tsiku limodzi, pa baloti imodzi. Kumeneko umavota pa kamakina kokhala ndi sikirini, umadina dzina ndi chala, kenako kamakutulutsira pepala lomwe umakalilowetsa mmakina ena owerenga mavoti. Nde taganizani munthu waima pamenepo, munthu oti chiyambireni kuvota amavotera Republican basi, wafika pa mpando wa Seneti pomwe pali dzina la a Herschel Walker, chala chaima. Ena anangodumpha osadina kanthu, ena anadina wa kachipani ka Libertarian, ena mpaka anadina a Raphael Warnock a Democrat. Koma kufika pa ugavanala munthu yemweyo wadina a Brian Kemp mosajejema. Mavoti atawerengedwa a Kemp anapeza 2.1 miliyoni, a Walker 1.9 miliyoni, kusiyana kwa mavoti oposa 200,000 chonsecho chipani nchimodzi, steti imodzi, tsiku limodzi. A Kemp anawina ndi 53 peresenti. Pa Seneti a Walker ndi a Warnock onse sanafike theka, kunachitika chibwereza pa 6 Disembala, a Walker nkuluza.

Ine mtima wanga uli kumbali ya ma conservative, zimenezo sindibisa. Ndimakhulupirira kuti boma lisamalowerere pa chilichonse cha munthu, misonkho isamafinye ogwira ntchito, banja ndi mpingo zizipatsidwa ulemu wake, malamulo a mmalire a dziko azitsatidwa. Nde ndikamalemba izi musaganize kuti ndikusangalala ayi, zimandiwawa ndithu, chifukwa mipando yomwe ikutayidwa chonchiyi ndi yomwe imavomereza majaji aku Supreme Court, ndi yomwe imadutsitsa bajeti. Chomwe chikundivuta nchakuti mawu oti umodzi mchipani cha Republican masiku ano asanduka chikwapu. Munthu akati tigwirizane akutanthauza kuti aliyense ayimbe nyimbo ya mtsogoleri mmodzi mawu ndi mawu, ukangosemphana naye pa chinthu chimodzi basi wasanduka RINO, eti Republican wa dzina lokha, ndipo akutumizira munthu okakugwetsa pa mapulayimale.

A Kemp omwewa ndi amene anachitidwa zimenezo. Atakana kusintha zotsatira za chisankho cha 2020, pomwe a Biden anawina Georgia ndi mavoti 11,779, a Trump anawakwiyira kwambiri nkubweretsa a David Perdue kuti akawachotse pa chisankho chachipulula cha Meyi 2022. Ma Republican aku Georgia eni ake anayankha, a Kemp anapeza pafupifupi 74 peresenti, a Perdue 22. Ndipo tisanamizane kuti a Kemp ndi munthu ofewa kapena wapakatikati, ndi amene anasaina lamulo loletsa kuchotsa mimba mtima wa mwana ukangoyamba kugunda, ndi amene anatsegula mabizinesi msanga nthawi ya Covid anzawo akuopa, ndi amene anasaina lamulo lokhwimitsa kavotedwe mu 2021 mpaka makampani akuluakulu kuwanyoza. Ngati munthu ameneyu si conservative nde conservative ndi ndani abale? Tchimo lawo linali limodzi lokha, kukana zomwe munthu mmodzi amafuna.

Ndipo Georgia yomweyo inali itaphunzitsa kale phunziro lowawa. Pa 5 Januwale 2021 kunali chibwereza cha mipando iwiri ya Seneti, a Perdue ndi mayi Kelly Loeffler onse analuza kwa a Jon Ossoff ndi a Warnock, Seneti nkukhala 50 kwa 50, mphamvu nkupita kwa ma Democrat kamba ka voti ya wachiwiri kwa pulezidenti. Kwa miyezi iwiri masapota amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti mavoti amabedwa, makina ndi achinyengo, kenako anthu omwewo nkumawapempha kuti dzukani mmamawa mukavote. Munthu wamuuza wekha kuti voti yake ilibe ntchito, adzukirenji? Ine ndimaona kuti mipando iwiri ija chipani chinaipereka ndi manja ake.

Za 2022 ndikati ndizitchule zonse ndichedwa. Ku New Hampshire a Chris Sununu anawina ugavanala mosavuta pomwe a Don Bolduc amaluza Seneti kwa mayi Maggie Hassan. Ku Pennsylvania a Doug Mastriano anagonja pa ugavanala kwa a Josh Shapiro ndi pafupifupi 15 peresenti, a Mehmet Oz nkutaya mpando wa Seneti omwe a Pat Toomey anausiya uli mmanja mwa chipani. Koma yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku Arizona. Mayi Kari Lake, omwe amaimira Republican pa ugavanala, ali pa msonkhano wa kampeni anafunsa ngati mchipindamo muli ma Republican okonda malemu John McCain, nkuwauza kuti atuluke. Ku Arizona! steti yomwe a McCain anayimira ku Seneti zaka zoposa 30, komwe azigogo ambiri anawavotera kangapo konse ndipo amawalemekezabe olo kuti pena amasiyana nawo maganizo. Anthuwo anatulukadi. Mayi Lake analuza kwa mayi Katie Hobbs ndi mavoti ongopitirira 17,000 pang'ono, pomwe tsiku lomwelo mayi Kimberly Yee a chipani chomwecho, omwe sanathamangitse munthu aliyense, anawina mpando osunga chuma cha steti ndi mavoti ankhaninkhani. Patapita zaka ziwiri chipani chinawaimikanso mayi Lake pa Seneti, a Trump nkuwina Arizona, iwo nkuluza kwa a Ruben Gallego.

Wina anena kuti aaa izi zayamba ndi a Trump. Ayi, matendawa ndi akale. Mu 2010 ku Delaware a Mike Castle, munthu oti anakhalapo gavanala komanso phungu kwa zaka zambiri ndipo aliyense amadziwa kuti atenga mpando wa Seneti omwe kale unali wa a Biden, anagwetsedwa pa mapulayimale ndi mayi Christine O'Donnell, mpando nkupita kwa a Chris Coons. Mu 2012 ku Indiana a Richard Lugar atakhala ku Seneti zaka 36 anachotsedwa ndi a Richard Mourdock omwe anakaluza kwa a Joe Donnelly, mu steti yoti a Mitt Romney, omwe amaimira Republican pa upulezidenti, anawina chaka chomwecho. Mu 2017 ngakhale Alabama, Alabama yeniyeni, inavotera Democrat a Doug Jones chifukwa choti mbali inayi kunali a Roy Moore.

Chomwe chiyenera kutidzutsa nchakuti ma Democrat zimenezi anazitulukira kalekale ndipo amalowetsapo ndalama zawo. Mayi Claire McCaskill aku Missouri anadzavomera okha kuti mu 2012 kampeni yawo inalipira mauthenga apawailesi ndi pa TV oti athandize a Todd Akin kuwina mapulayimale a Republican, poti ndi amene anali osavuta kumugonjetsa. Mu 2022 njira yomweyo inagwiritsidwa ntchito ku Pennsylvania, ku New Hampshire, ku Maryland. Uthenga wake umakhala ngati ukumunyoza munthuyo, eti uyu ndi conservative onyanyira, amagwirizana ndi a Trump pa zonse, podziwa kuti mawu amenewo ndi amene amakoka ovota pa mapulayimale. Ndekuti mdani wako akukusankhira kandideti, iwe nkumavina kuti wawina.

Tsono ndisakhale ngati sindimva kulira kwa mbali inayo, chifukwa kulirako nkoona. Anthu amene amakwiyira akuluakulu a chipani ku Washington sanapenge. Anauzidwa kwa zaka zambiri kuti ngongole ya boma ichepa, ikungokwera. Anauzidwa kuti Obamacare, lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lomwe anabweretsa a Obama, ichotsedwa, mu 2017 chipani chili ndi White House ndi nyumba zonse ziwiri zinakanika. Mafakitale anatsekedwa mmatauni mwawo akuluakulu aja akuombera mmanja mapangano a malonda. Nde munthu otere ukamuuza kuti votera yemwe akuluakulu asankha amakuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo ine ndimamumvetsa. Komanso pena kugwedeza akuluakulu kumabala zipatso, a Marco Rubio mu 2010 ku Florida ndi a Ted Cruz mu 2012 ku Texas analowa chonchi ndipo mipando sinatayike. Vuto silili pa kupikisana ayi. Vuto ndi kuiwala kuti munthu owina mapulayimale ayenera kukawinanso mu Novembala, pamaso pa anthu ena oti sapita ku misonkhano ya chipani, saonera Fox News, amangofuna sukulu zabwino, misewu yabwino ndi mtsogoleri oti sawachititsa manyazi. Zomwe ungachite ku Texas kapena ku Utah sungazichite ku Maine, komwe mayi Susan Collins anawina mu 2020 a Biden akutenga steti, kapena ku Vermont komwe a Phil Scott amawina ugavanala mobwerezabwereza mu steti ya a Bernie Sanders, seneta otsutsana kwambiri ndi ma conservative. Anthu awiriwa ine sindigwirizana nawo pa zambiri, koma mukawachotsa simupeza conservative olimba pamalo pawo, mupeza Democrat. Ku Maryland zinaoneka, a Larry Hogan atamaliza materemu awo awiri chipani chinaimika a Dan Cox, a Wes Moore nkudutsa moyera.

Ku House of Representatives nde kunaoneka mtundu wina wa matenda omwewa. Januwale 2023 chipani chili ndi mipando 222, kusankha sipikala kokha kunatenga mavoti maulendo 15. Amene munaonera usiku uja mukukumbukira, ulendo wa 14 utakanika a Kevin McCarthy ananyamuka pampando kupita kumbuyo komwe kunali a Matt Gaetz, zala zikulozana, kenako a Mike Rogers akubwera atapsa mtima mpaka mnzawo a Richard Hudson kuwagwira pakamwa nkuwakokera mmbuyo, makamera onse akujambula. Kuti apeze mpandowo a McCarthy anavomera kuti phungu mmodzi yekha akhoza kuyambitsa voti yowachotsa, ndipo pa 3 Okutobala chaka chomwecho aphungu 8 a Republican anagwirizana ndi ma Democrat onse nkuwachotsadi, 216 kwa 210. Masabata atatu nyumba ilibe sipikala, a Scalise, a Jordan, a Emmer onse kukanika mpaka kudzapezeka a Mike Johnson. Anthu 8 kugonjetsa anzawo oposa 200, nkumati akuteteza chipani. Bola mu Januwale 2025 lamulo lija analisintha kuti pazifunika aphungu 9.

Nanga chimene chimagwira ntchito nchiyani? 2024 inaonetsa pang'ono. A Steve Daines aku Montana omwe amatsogolera kampeni ya maseneta sanadikire kuti mapulayimale apse kaye, anayamba kale kufunafuna anthu oyenera steti iliyonse nkumakambirana ndi a Trump mwakachetechete kuti asamasemphane. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Ku Montana anaima ndi a Tim Sheehy, a Matt Rosendale atalowa mpikisano anatulukamo pasanathe sabata, a Sheehy nkugwetsa a Jon Tester. Ku West Virginia anakopa gavanala Jim Justice. Ku Ohio a Bernie Moreno anachotsa a Sherrod Brown. Ku Pennsylvania a Dave McCormick, omwe mu 2022 analuza mapulayimale kwa a Oz ndi mavoti osakwana 1,000, ulendo uno anapatsidwa njira yopanda minga nkugonjetsa a Bob Casey. Seneti inathera 53 kwa 47. Chipani chinasiyanso zouza anthu kuti kuvota masiku asanakwane kapena kuvota pa positi nchinyengo, chinayamba kuwalimbikitsa kutero.

Ndipo ku Georgia komwe kuja, mu Ogasiti 2024 a Trump anawanyozanso a Kemp pa msonkhano ku Atlanta, anthu nkumati basi steti yapita. A Kemp sanabweze chipongwe, sanapepesenso pa zomwe anachita mu 2020, anangonena kuti chofunika nkuwina ndipo gulu lawo la anthu ogogoda mmakomo linagwira ntchito yake. Patapita masabata ochepa awiriwa anagwirizana, a Trump nkuwina Georgia. Umodzi omwe ine ndimaufuna ndi umenewu, anthu oti sakondana kwenikweni, wina sanagwadire mnzake, koma akudziwa kuti aliyense ali ndi ovota omwe mnzakeyo sangawafikire.

A Trump ulemu wawo tiwapatse, mu 2024 anapeza mavoti 312 a Electoral College, mavoti a masteti omwe amasankha pulezidenti, masteti onse 7 olimbirana, kuposa mnzawo pa mavoti a dziko lonse koyamba kwa Republican chichokereni 2004, mpaka Miami-Dade, dera la ku Florida, yomwe inali isanavoterepo Republican pa upulezidenti kuyambira 1988. Anabweretsa anthu oti chipani chinali chisanawaonepo. Koma chisankho chomwecho ku Michigan, ku Wisconsin, ku Nevada ndi ku Arizona iwo anawina makandideti a chipani chawo a Seneti nkuluza, ku North Carolina iwo anawina a Mark Robinson nkugonja pa ugavanala kwa a Josh Stein ndi pafupifupi 15 peresenti. Ndekuti pali anthu ambirimbiri omwe amabwera kudzavotera a Trump okha, akadina dzina lawo zinazo alibe nazo ntchito, ndipo malamulo a dziko salola kuti dzina limenelo lidzakhalenso pa baloti ya upulezidenti.

Apa mpomwe ndikuti masteti ndi amene asunge chipani. Nyumba za malamulo za masteti ndi zomwe mmalo ambiri zimajambula malire a madera a aphungu kalembera akachitika, mphamvu yomwe ma Republican anakhala nayo ku House kwa zaka zingapo inachokera pa mipando yoposa 600 ya mmasteti yomwe anawina mu 2010. Kalembera wina akubwera mu 2030, ndipo magavanala ndi aphungu a mmasteti omwe adzagwire cholembera nthawi imeneyo akusankhidwa pa mapulayimale a zaka zino zino, mapulayimale oti kumabwera anthu ochepa kwambiri, nthawi zambiri okwiya okhaokha. Anzanga amene muli ndi voti ndipo mumati ndine conservative koma zachipulula sizindikhudza, tsiku limenelo mudzapite, ndipo musanadine dzina mudzifunse kaye ngati neba wanu uja amene anavotera a Kemp nkudumpha a Walker angamuvotere munthuyo.