Chule wa besi ndi linthumbu la pa phiri

Kwaya yathu ya ku Matawale si yamasewera ayi, ngakhale yunifomu yake ndi ya nsalu yochita kusonkherana. Aphunzitsi athu, bambo wachikulire wosaseka wamba, anapeka nyimbo yoti tikaimbe pa mwambo wodzala mitengo pa phiri la Zomba, paja nyengo ya mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Nyimbo yake imakamba za madzi, kuti amachokera pamwamba paja, nkutsika ndi Mulunguzi, kulowa mu Likangala mpaka ku Chilwa, ndiye tikapitiriza kugwetsa mitengo nkumaotcha makala nyanja ija iphwanso ngati mu 1995 ndi 2018 pamene anthu ankayenda wapansi pomwe asodzi amaponya makoka, matemba osaoneka.

Pakati pa nyimbo mawu amatha, aliyense nkusanduka cha m'nkhalango. A sopulano mbalame, a alito mphepo ya m'mapaini ija yongoti shuuu, a tena madzi a pa mathithi, ife a besi achule. Ine anandipatsa solo ya chule wamkulu, ndipo ndinaiyeserera mpaka mayi akunyumba anandiuza kuti zimenezo ndizikapangira kudimba, ana akulephera kugona.

Tsiku lake tinakwera lole msewu wokhotakhota uja, anyamata a ma strawberry akutithamangira, mpaka cha ku damu la Mulunguzi. Mvula inali itagwa usiku, kunja kuli kachifunga. Mafumu ndi alendo pa mipando, ana asukulu pa udzu. A besi timaima kumbuyo kwenikweni, ndiye ine malo anga anagwera kumapeto, pa masamba onyowa.

Amene mumalidziwa linthumbu mukudziwa kuti sililuma likangofika. Limayamba lakwera kaye mwakachetechete, sokosi, bondo, ntchafu, likafika kumene likufuna ndi pamene limaluma lonse nthawi imodzi ngati lina laimba wezulo. Langa linadikira mpaka aphunzitsi andiloze ndi kamtengo kawo. M'malo mwa chule kunatuluka "Mayooo!" wa sopulano yeniyeni, ine m'mwamba, uku ndikudzimenya m'ntchafu, uku ndikupondaponda.

Ana asukulu m'manja phuphuphu, azimayi nthungululu. Mnzanga amene anaima pafupi nane anaganiza kuti ndi sitepe yatsopano yomwe tinaphunzira tsiku lomwe iye anajomba, basi nkuyamba kutsanzira, wina nkutengera kwa iye, mzere wonse wa besi uli jowejowe. Sipanatenge nthawi kutsanzira kunatha, aliyense anayamba kuvina zakezake poti linthumbu linali lawapeza nawonso.

Aphunzitsi maso ali psuu koma kamtengo osasiya kugwedeza, akulankhulira m'mano: "Achimwene, chule! Chule!"

"Aphunzitsi, linthumbu!"

"Mulibemo limenelo mu nyimbo!"

Ndinathawira kuseri kwa tchire kukavula thalauza, ndipo tizilombo timeneti ndi taliuma bwanji, ukakakoka thupi limaduka mutu nkutsala ukulumabe. Ndili wera chonchi, thalauza m'manja, ndinangomva "Pepanitu bambo", agogo ena atasenza nkhuni aima poteropo. Osachoka, osayang'ana kumbali, anayamba kundilangiza modekha kuti linthumbu mankhwala ake ndi phulusa. Phulusa ndilitenga kuti agogo, m'nkhalango muno, ndili chonchi?

Pobwerera ndinapeza mlendo wolemekezeka akulankhula. Anayamikira kwaya, makamaka bambo wa kumbuyo uja amene waonetsa bwino kwambiri mmene nyama zimavutikira nkhalango ikapsa, nkupempha kuti pa mwambo wotsekera mu Epulo tikavinenso chimodzimodzi. Aphunzitsi anangogwedeza mutu ngati zinali mu pulani, osandiyang'ana.

Ndiye akuti Loweruka tikayeserere gule ameneyu. Ine ndawauza kuti popanda chondithandiza sangatheke, mnyamata wina wa tena wadzipereka kale kuti abweretsa linthumbu m'botolo.