Tamaliza. Zikomo Amayi mlangizi wathu

Zotsatira zatuluka, ndipo tonse amene tinatsala m'gulu la ophunzira achikulire takhoza. Ambuye alemekezeke. Za kugwira ntchito masana n'kukakhala m'kalasi usiku mukuzidziwa kale, sitibwereza, matupi akadali otopa.

Zikomo mabanja athu. Zikomo malekichala a mbiri yakale, filosofi, zolembalemba ndi za chikhalidwe cha anthu, komanso a ku laibulale. Koma mtima ukungobwerera kwa Amayi mlangizi wathu wa maphunziro.

Ambiri amayesa kuti digiri yophatikiza maphunziro osiyanasiyana, ija ya liberal arts, njophweka chifukwa makosi umasankha wekha. Msampha uli pomwepo. Pamafunika makirediti 120 (kirediti ndi muyezo wa kulemera kwa kosi), ndipo poti kosi imodzi nthawi zambiri ndi makirediti 3, ndiye kuti makosi 40. Munthu wapantchito amatola kosi iliyonse imene ikugwirizana ndi nthawi yoweruka. Pamapeto nambala yakwana, koma makosi ambiri ndi a chaka choyamba ndi chachiwiri, a pamwamba ngoperewera, digiri osatuluka. Amayi anatseka dzenje limeneli semesita yoyamba yomwe. Aliyense ankalemba funso limodzi lomuvutitsa mutu, ndipo kosi yosathandiza kuyankha funsolo ankaichotsa pa pepala. Ndondomeko ankaiyala kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo: pulojekiti yomaliza imafuna kosi ya njira zochitira kafukufuku, iyonso imafuna uyambe wakhoza statistics, ndipo makosi ena amaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Ukaphonya, chaka chapita.

Masamu a nthawi anatiphunzitsanso ndi iwo. Kirediti imodzi ndi ola limodzi m'kalasi ndi maola awiri owerenga pawekha pa sabata. Makosi awiri ndi maola 18, atatu ndi maola 27. Wantchito ndi banja akakakamira atatu, chimayamba kugwa ndi kuwerenga, kenako asayinimenti. Amayi ankakana kusayina kuti titenge atatu, ife n'kumanyinyirika. Lero tikuti zikomo chifukwa cha kukana kuja.

Za makirediti akale, a makosi amene unaphunzira m'mbuyomo n'kufuna kuti awerengedwe pa digiriyi: chikalata cha magiredi pachokha sichikwanira, pamafunikanso pepala lofotokoza zimene kosiyo inkaphunzitsa. Zaka zimene wagwira ntchito nazonso siziwerengedwa pazokha, amafuna umboni woti zimene unaphunzira pantchitopo zikufanana ndi zolinga za kosi inayake. Amayi ankawerenga mafayilo amenewa tsamba ndi tsamba.

Pulojekiti yomaliza ndiyo inatiliza. Imaphatikiza maphunziro osiyana, ndipo lekichala wa mbiri yakale amafuna zikalata za nthawi yomweyo, wa chikhalidwe cha anthu amafuna mayankho a anthu ofunsidwa mwadongosolo, wa filosofi amayang'ana ngati mfundo ikubaladi inzake. Ukapanda kusamala umalemba nkhani ziwiri zongomatidwa pamodzi. Cholembera chofiira cha Amayi chinkafunsa chinthu chimodzimodzi m'mphepete mwa pepala: kodi mbali iyi ikusintha chiyani pa mbali inayo? Ngakhale kalembedwe kotchulira mabuku kamasiyana, APA uku, Chicago uku, MLA uku. Sankha kamodzi, gwirizana ndi okuyang'anira, usasakanize. Ndipo usafunse munthu aliyense mafunso komiti yoteteza anthu ofunsidwa isanavomereze, chifukwa mayankho otoleredwa chilolezo chisanabwere sagwiritsidwa ntchito.

Ena ankati sukulu ndi ya ana, ena ankafunsa kuti digiri yopanda dzina la ntchitoyi tikadya nayo chiyani, kenako foni zawo zinangoti zii. Sitikusunga mangawa, koma tinamva.

Amayi, munkayankha mauthenga athu ngakhale nthawi yoti mupume. Mulungu akuwonjezereni masiku, akupatseni mphamvu za gulu likubwerali. Tsiku lovala mikanjo tidzakufunani pa chithunzi choyamba, pakati penipeni.