Kuwerenga Katekisimu wa Heidelberg Sabata ndi Sabata

Ambiri amene anakulira m'mipingo ya chi Reformed anakumana ndi Katekisimu wa Heidelberg m'kalasi, akuloweza mayankho kuti akhoze pamaso pa akulu a mpingo. Akangolandiridwa kukhala akhristu odya mgonero, bukulo limapita pansi pa sutikesi. Pamenepa ndi pamene pamatayika zambiri, chifukwa bukuli linalembedwa kuti munthu azilibwereza chaka ndi chaka.

Linasindikizidwa m'chaka cha 1563 mumzinda wa Heidelberg ku Germany, molamulidwa ndi mfumu ya chigawocho, Frederick III, ndipo amene amatchulidwa kwambiri pa ntchito yolemba ndi Zacharias Ursinus. Lili ndi mafunso 129, ogawidwa m'zigawo 52, chigawo chimodzi pa Sabata lililonse. Kagawidwe kameneka ndiko ndondomeko yowerengera: mlungu umodzi, chigawo chimodzi, chomwe nthawi zambiri chimakhala ndi mafunso awiri kapena atatu. Mphindi 20 patsiku n'zokwanira.

Tsiku loyamba werengani funso ndi yankho mokweza, kawiri. Masiku awiri otsatira tsegulani Baibulo, kaya Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, n'kutsatira mavesi amene aikidwa pansi pa yankho. Musawerenge vesi lokhalo. Yambani mavesi asanu kumbuyo ndipo mupitirire asanu kutsogolo, chifukwa vesi lozulidwa pamalo pake limanena chilichonse chimene munthu akufuna. Tsiku lachinayi tsekani buku, mulembe yankho m'kope ndi mawu anuanu. Mukalephera kulemba osabwereka mawu a m'buku, ndiye kuti munangoloweza. Masiku otsalawo funsani kuti yankholo likukhudza chiyani pa zimene mukuchita mlungu umenewo.

Tengani chigawo 42, mafunso 110 ndi 111, pa lamulo lakuti usabe. Munthu amayembekezera kumva za akuba othyola nyumba, koma yankho limatchulanso sikelo zachinyengo, miyeso yoperewera, katundu wachinyengo, ndalama zabodza ndi chiwongoladzanja chopyola muyeso. Zinalembedwa kwa anthu a ku Germany zaka zoposa 450 zapitazo, koma wogulitsa chimanga ndi ndowa yokhomedwa pansi, kapena wobwereketsa ndalama mwa katapila, sangawerenge pamenepa mtima uli m'malo. Funso 111 limapitirira: kusaba kokha sikukwana, munthu agwire ntchito mokhulupirika kuti athe kuthandiza osowa. Chigawo chotsatira, funso 112, chimaika miseche ndi kuweruza munthu osamumva m'gulu la umboni wonama. Amene amatumiza nkhani m'magulu a WhatsApp asanaifufuze ayenera kuchedwerapo.

Cholakwika chachikulu ndi kuyambira pa Malamulo Khumi chifukwa ndi amene amaoneka othandiza msanga. Bukuli lili ndi magawo atatu otsatizana mwadala: tsoka la munthu chifukwa cha uchimo pa mafunso 3 mpaka 11, chipulumutso pa 12 mpaka 85, ndi chiyamiko pa 86 mpaka 129. Malamulo aikidwa m'gawo la chiyamiko, pambuyo pa chipulumutso. Mukadumpha gawo lapakati, malamulowo amasanduka mtengo wogulira chisomo, zomwe olemba ankatsutsa kwambiri.

Malo ena amene anthu amapunthwa ndi funso 27, pa chisamaliro cha Mulungu. Limanena kuti mvula ndi chilala, zaka zokolola ndi zosakolola, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi sizibwera mwangozi koma zimachokera m'dzanja la Atate. Ena amamva ngati akuuzidwa kuti apinde manja, asapite kuchipatala, asasamale munda. Mankhwala ake ndi kuliwerenga pamodzi ndi funso 28, lomwe limati phindu la chiphunzitsochi ndi kupirira pamavuto, kuyamika pa zabwino ndi kudalira Mulungu pa zam'tsogolo, komanso funso 125, lomwe limatchula ntchito ndi khama lathu ngati zinthu zofunika dalitso lake. Ntchitoyo ilipo, siinachotsedwe.

Funso 80 lifunika kuliwerenga mukudziwa mbiri yake. Limadzudzula Misa ya Akatolika ndi mawu olimba, ndipo silinalipo m'buku loyamba kusindikizidwa. Linawonjezedwa m'makope otsatira, nthawi imene mkangano wa mipingo ku Ulaya unali utafika povuta. M'banja limene ena ndi Akatolika, ndi bwino kufunsa mwini chikhulupirirocho zimene amakhulupirira pa Ukaristia musanamuwerengere yankholi.

Mukasemphana ndi mlungu umodzi kapena iwiri, musathamange kuti mufanane ndi kalendala. Pitirizani pomwe munalekera, ndipo m'kope mulembe tsiku pamwamba pa yankho lililonse, musiye theka la tsamba lopanda kanthu kuti chaka chamawa mudzalembe pansi pake yankho la funso lomwelo.