Tambala wanga anapita ndi 641

Apongozi anga aamuna anaphunzitsa masamu kusekondale mpaka kupuma pantchito. Ine ndimagulitsa zitsulo za njinga, ndiye akayamba nkhani zawo ndimangoti "eee, zoonadi bambo", mutu uli gwa. Ulendo uno ndinati ayi, ndipite nditakonzeka.

M'minibasi ndinatsegula foni n'kuyamba kuwerenga za Pierre de Fermat, loya wa ku France. Mkuluyu ankatenga 2 n'kumachulukitsa yankho lililonse ndi ilo lomwe: 2, 4, 16, 256, 65,536. Akawonjezera 1 paliponse ankapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Onsewa ndi manambala osagawika, aja amangogawika ndi 1 kapena ndi iwo eni basi. Cha m'ma 1640 Fermat anati mzere wonsewo uli choncho, kuphatikizapo yotsatirayo, 4,294,967,297. Bandulo inathera pomwepo. Sindinadandaule, nzeru zinali zitakwana. Ndinalemba chinambalacho padzanja ndi bolopeni.

Titamwa thobwa pakhonde, ndinakhosomola pang'ono.

"Bambo, kodi mukudziwa kuti 4,294,967,297 sigawika?"

Anandiyang'ana pamwamba pa mandala awo. "Mwatero, akamwini?"

Mlamu wanga wa folomu 3 anatulukira ndi kakyuleta. "Alamu, ikagawika mundipatsa chiyani?"

Pamtengo wa mango panali tambala amene ndinagula panjira, wofiira, wamiyendo italiitali, woti akakhale mbewu kwathu. Ndinamuloza. Mkazi wanga ananditsina, koma munthu akakwera pamsana pa njovu samva kutsina.

Mtsikanayo anayesa 3, inatsala. Anayesa 7, 11, 13, zonse zinkasiya zotsalira. Anafika mpaka 97 thukuta lili kamukamu. Ine apo n'kuti nditapinda mwendo, ndikufunsa ngati thobwa latsalako.

Apongozi anavula mandala, anawapukuta bwinobwino ndi malaya, osafulumira.

"Tayesa 641, mwanawe."

Kakyuleta inangolemba 6,700,417. Popanda kadontho, popanda chotsala. Ndinati mabatire afooka. Mlamu anachulukitsa 641 ndi 6,700,417, chinambala changa chija n'kubwerera chathunthu, chofanana ndi chimene chinali padzanja panga.

"Musadandaule," anatero apongozi. "Fermat naye anapita kumanda akukhulupirira zomwezo. Anadzamugwira ndi Leonhard Euler mu 1732, alibe kakyuleta. Ndipo kuchokera pa 65,537 paja, palibe amene wapezanso nambala ina yosagawika mumzerewo mpaka lero. Munawerenga mpaka pati?"

Ndinati netiweki inavuta.

Mlamu anati tambala wake sakufuna kuweta, akufuna adyedwe tsiku lomwelo. Poti mwamuna wachinyamata pakhomopo ndinali ndekha, mpeni anapatsa ine. Ndinapha ndekha, ndinasosola ndekha. Pogawa ndiwo, apongozi aakazi anafunsa mwaulemu ngati nkhukuyo ikugawika kapena ayi, anthu onse n'kugwa nako kuseka. Ine anandipatsa khosi.

Dzulo mkazi wanga wandionetsa foni ya mng'ono wake. Dzina langa analisintha, pano ndine "Alamu 641".